Nayitirojeni m'matayala: mafunso amene oyendetsa galimoto amandifunsa kuno ku Dedza

Ndakhala ndikugwira ntchito ya matayala m'mbali mwa msewu wa M1 kwa zaka zambiri: kumata, kupopa, kuvula ndi kuveka pa limu. Masiku ano sabata siitha osabwera munthu wondilozera tizivindikiro tobiriwira pa mavalavu n'kunena kuti, "Achimwene, musaikemo mpweya wanuwo, muli nayitirojeni m'menemo." Ena anapopetsa ku Lilongwe, ena ku Blantyre, ena galimotoyo anabwera nayo choncho kuchokera ku Joni. Mafunso awo amakhala omwewomwewo, n'chifukwa chake ndawasonkhanitsa pano. Ndinene poyamba kuti ine makina a nayitirojeni ndilibe, ndimapopa ndi kompulesa wamba. Mudziwe zimenezo powerenga, ndipo manambala amene ndapereka mukhoza kuwayesa nokha ndi geji.

Kodi nayitirojeni ameneyu ndi yemwe uja wa mu feteleza?

Ndi yemweyo. Mlimi wa mbatata ku Bembeke kapena ku Tsangano amamudziwa bwino: pa thumba la 23:21:0+4S, nambala yoyamba ija ndi ya nayitirojeni, ndipo mu Urea alimo magawo 46 pa 100 aliwonse. Kusiyana kwake n'kwakuti mu feteleza amakhala womangika ndi zinthu zina, pamene m'tayala amalowa ali mpweya, wopanda fungo, wopanda mtundu, wosayaka moto.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mpweya timapumawu, magawo 78 pa 100 aliwonse ndi nayitirojeni kale. Magawo 21 ndi okosijeni, kotsalako ndi timipweya tina ndi chinyezi. Choncho minibasi iliyonse yodutsa pa Lizulu, njinga iliyonse ya kabaza, ngakhale wilibala ya tayala lopopa, yadzaza kale ndi nayitirojeni wochuluka. Makina a m'tauni aja amangosefa okosijeni ndi chinyezi, n'kukupatsani mpweya umene nayitirojeni wake amafika cha m'ma 93 mpaka 95 pa 100, ena kuposerapo pang'ono. Ndalama yanu imagula kusiyana kumeneko basi.

Akuti tayala la nayitirojeni siliphwa. N'zoona?

Limaphwa, koma mochedwerapo. Labala amaoneka wotseka, koma mpweya umadutsamo pang'onopang'ono, ngati mmene madzi amatulukira thukuta pa mtsuko wadothi watsopano. Okosijeni amadutsa mu labala mofulumira katatu kapena kanayi kuposa nayitirojeni. Pamenepo ogulitsa sanama.

Funso n'lakuti kusiyanako n'kwakukulu bwanji. Bungwe la ku America loyesa katundu wa ogula, Consumer Reports, linapopa matayala a mitundu 31, awiriawiri, lina mpweya wamba lina nayitirojeni, onse pa 30 psi (psi ndi muyeso wa pulesha, kutanthauza mphamvu ya mpweya m'tayala imene geji imawerenga), n'kuwasiya panja chaka chathunthu. Atayeza, a mpweya wamba anali atatsika ndi 3.5 psi, a nayitirojeni ndi 2.2 psi. Kusiyana kwa chaka chonse kunali 1.3 psi. Amene amayeza matayala ake mwezi ndi mwezi sangakuone n'komwe.

Ndipo amenewo anali matayala ongokhala, osaponda msomali. Matayala amene amafika pakhomo panga ataphwa, ambiri saphwa chifukwa cha mpweya wodutsa mu labala. Ndimapeza msomali wa malata, waya, munga, valavu yong'aluka m'munsi chifukwa cha dzuwa, kapini ka m'kati mwa valavu kosamanga, kapena limu yopindika itagwa m'dzenje. Ndikathira madzi a sopo pamenepo thovu limatukusira. Bowo silisankha mpweya. Nayitirojeni amatuluka pa msomali mofanana ndi wa kompulesa yanga.

Kuno kumazizira, kunyanja kumatentha. Kodi nayitirojeni sathandiza kuti pulesha isamasinthe?

Ili ndi funso lanzeru kwa ife a kuno, chifukwa malo athu ali pamwamba. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'mawa wa mu June kapena July kuzizira kumatha kutsika pansi pa madigiri 10. Ukatsetsereka msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti, n'kulowera ku Mtakataka kapena ku Monkey Bay, umapeza dziko lina, makamaka mu October pamene kutentha kumapitirira madigiri 30.

Mpweya uliwonse ukatentha umafutukuka, ukazizira umafota. M'tayala la galimoto yaing'ono, pulesha imakwera kapena kutsika ndi 1 psi pa madigiri 5 kapena 6 aliwonse. Lamulo limeneli nayitirojeni amalimvera chimodzimodzi ndi mpweya wamba wouma. Palibe mpweya umene sufutukuka. Ngati munapopa masana otentha ku Salima, mmawa wake ku Dedza kuzizira pakokha kudzakhala kutatsitsa pulesha ndi 3 psi kapena cha pomwepo, kaya zivindikiro zanu n'zobiriwira kaya n'zakuda.

Palinso nkhani ya kutalika kwa malo. Pamwamba pano mpweya wakunja umapanikiza tayala mochepa kusiyana ndi kunyanja. Tayala lomwelo, osalikhudza, limaonetsa pulesha yokwererapo ndi 1.5 psi kapena kuposa pang'ono likakhala ku Dedza kusiyana ndi likakhala m'mbali mwa nyanja, kutentha kukakhala kofanana. Apanso nayitirojeni sasintha kanthu. Mwayi wake n'ngwakuti ziwirizi zimakokerana: potsika, kutentha kumakweza pulesha pamene kutsika kwa malo kukuitsitsa.

Nanga zimene amanena zoti mpweya wa kompulesa umakhala ndi madzi?

Apa ndiye pali mfundo yeniyeni, ndipo ife opopa m'mbali mwa msewu tiyenera kuivomera. Kompulesa imakoka mpweya ndi chinyezi chake, ndipo ikaupanikiza, chinyezicho chimasanduka madzi m'thanki. Nthawi ya dzinja, kapena masiku a nkhungu pamene phiri la Dedza silioneka mpaka masana, ndikatsegula kampopi ka pansi pa thanki madzulo pamatuluka madzi ofiira ndi dzimbiri, okwana kudzaza kapu. Munthu akapanda kukhetsa masiku angapo, madziwo amakwera mu paipi n'kulowa m'tayala lanu. Ndavulapo matayala n'kupeza m'kati muli chinyontho, limu yachitsulo itadyeka ndi dzimbiri pamene labala amakhalira, ndipo mpweya ukuthawira pomwepo.

Madzi m'tayala amachititsanso kuti pulesha izidumpha mosadalirika tayala likatentha kwambiri, chifukwa amasanduka nthunzi. Nayitirojeni wa m'makina ndi wouma, ndiye vutoli alibe. Koma taonani kuti mdani apa ndi madzi, si okosijeni. Kompulesa yokhetsedwa tsiku ndi tsiku, kapena yokhala ndi kosefera madzi pa paipi, imakupatsani mpweya wouma mokwanira. Musachite manyazi kufunsa wopopayo kuti, "Akulu, thankiyi mwakhetsa lero?" Mukhozanso kumupempha kuti apemerere mpweya pa chikhatho chanu asanalumikize pa valavu. Dzanja likanyowa, pitani kwina.

Kodi nayitirojeni amateteza kuti tayala lisaphulike pamsewu?

Ayi, ndipo chikhulupiriro chimenechi ndi chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse. Tayala limaphulika chifukwa cha kutentha kwa m'thupi mwake. Likakhala ndi mpweya wochepa, m'mbali mwake mumapindika ndi kuwongoka pa kuzungulira kulikonse, ngati waya amene ukumupinda uku ndi uku kuti aduke. Limatentha, ulusi ndi mawaya a m'kati zimasiyana ndi labala, kenako phuu! Onjezanipo katundu wopyola muyeso: matumba a mbatata ndi kabichi osanjikizana mpaka pamwamba pa pikapu yochokera ku Tsangano Turn-off, kapena minibasi yodzaza anthu ndi mitolo. Onjezaninso chotupa cha m'mbali chimene chinabwera tayala litamenya dzenje, ndi ukalamba wa tayala. Pa zonsezi palibe chimene nayitirojeni angachiritse.

Tsiku lina kunaima bambo wina wa Sienta, akuchokera ku Ntcheu kupita ku Lilongwe ndi banja lake. Tayala lakumbuyo linali lofwafwala moonekeratu, ndipo geji inawerenga 18 psi. Ndinati, "Bambo, ndipopeko, ndionenso ngati mulibe msomali." Anakana mwaulemu ndithu, akuti anauzidwa kuti akasakaniza awononga tayala, akapopetsa ku Lilongwe komwe anaikitsa nayitirojeniyo. Ndinawapempha kawiri. Patapita masiku anabweranso ndi tayala lija m'buti, m'mbali mwake mutang'ambika, m'kati mutadzaza fumbi lakuda la labala wopereseka. Linawathera asanafike pa Linthipe. Mwayi wake anali pa liwiro lochepa ndipo palibe anavulala, koma tayala limene likanangomatidwa linatayidwa. M'kati mwake munali msomali waung'ono.

Kwa otsika Khwekhwerere ndi katundu, kutentha kwina kumachokera ku mabuleki n'kulowa mu limu. Mankhwala ake ndi giya yaing'ono, osati kuponda buleki njira yonse.

Ndiye n'zololedwa kusakaniza nayitirojeni ndi mpweya wamba?

Kwambiri. Palibe chimaphulika, palibe chimaonongeka. Mukungobwezeramo okosijeni pang'ono. Tayala likaphwa, popani chilichonse chimene chili pafupi, ngakhale ndi pampu ya phazi.

Ngati alibe phindu lalikulu, bwanji ndege ndi galimoto za mpikisano zimagwiritsa ntchito iyeyo?

Chifukwa ntchito yake ndi ina. Tayala la ndege yaikulu limapopedwa cha m'ma 200 psi, limakwera kumwamba kumene kuzizira kumafika madigiri 50 pansi pa ziro, komwe madzi a m'kati angaume n'kukhala ayezi, kenako limatera pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola mabuleki atapsa. Labala akatentha motero amatulutsa nthunzi yoyaka, ndipo ikakumana ndi okosijeni wopanikizika imatha kuphulika yokha. Zinachitika pa 31 March 1986 ku Mexico: ndege ya Boeing 727 ya kampani ya Mexicana inagwa m'mapiri, anthu onse 167 n'kufa, ndipo ofufuza anapeza kuti tayala lina linapopedwa ndi mpweya wamba n'kuphulika chifukwa cha buleki yotentha kwambiri. Chaka chotsatira, akuluakulu oona za ndege ku America analamula kuti matayala a ndege zikuluzikulu azipopedwa ndi nayitirojeni. Kumeneko ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

A mpikisano nawo amafuna mpweya wouma kuti adziwiretu mmene pulesha ikwerere tayala likatentha, chifukwa kwa iwo theka la psi limasintha mmene galimoto ikhotera. Malole akuluakulu a m'migodi amamugwiritsanso ntchito poopa moto. Vitz kapena Probox yopita ku msika wa Lizulu pa 32 psi sifika pa zimenezi ngakhale pang'ono.

Akuti amapulumutsa mafuta. Ndi mmene mafuta akuvutiramu, si chifukwa chokwanira?

Chimene chimapulumutsa mafuta ndi pulesha yoyenera, osati mtundu wa mpweya. Injini sidziwa chili m'tayala, imangomva kulemera kwa kuligubuduza. Unduna wa za mphamvu ku America umawerengera kuti matayala onse akatsika ndi 1 psi, mafuta amaonongeka ndi pafupifupi 0.2 peresenti. Tengani 1.3 psi ija ya chaka chonse muone nokha kuti phindu lake silifika ngakhale theka la peresenti. Koma galimoto yoyenda ndi matayala otsika ndi 8 kapena 10 psi, monga zambiri zimene ndimayeza, ikutaya mafuta ndithu, ndipo ikudya matayala m'mbali zonse ziwiri pakati pali bwinobwino. Munthu ameneyo amafunika geji.

Ndingadziwe bwanji kuti anandiikiradi nayitirojeni?

Ndi maso simungadziwe. Kachivindikiro kobiriwira ndi chizindikiro chabe, aliyense akhoza kukamanga. Chimene mungachite ndi kuonerera ntchitoyo. Tayala limene langovekedwa pa limu limakhala ndi mpweya wamba m'kati ngakhale lisanapopedwe, choncho akangolumikiza paipi kamodzi n'kudzaza, nayitirojeni amathera cha m'ma 90 pa 100. Kuti ifike pamene amalonjeza, ayenera kuphwetsa ndi kudzaza kawiri kapena katatu. Akangowonjezera pamwamba pa mpweya umene unalimo kale, mwalipirira zivindikiro. Malo ena ali ndi kachipangizo koyezera kuchuluka kwa nayitirojeni pa valavu. Ngati kalipo, apempheni akuonetseni.

Nanga pulesha yoyenera ndi iti, ndipo ndiyeze liti?

Tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane pa chipilala pamene chitseko chimatsekera. Pali kapepala komatidwa ndi opanga galimoto, nthawi zina kamakhala kuseri kwa chitseko cha thanki ya mafuta. Pa galimoto zochokera ku Japan mawu ake ndi a Chijapani koma manambala amawerengeka, ndipo kawirikawiri amalembedwa mu kPa. 100 kPa ndi bar imodzi, ndipo bar imodzi ndi 14.5 psi. Choncho 230 kPa ndi 2.3 bar, kapena 33 psi. Galimoto zambiri zimapereka manambala awiri, akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo zina zimawonjezera ya pamene mwanyamula katundu. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala si yoti muzipopera, ndi malire amene tayalalo siliyenera kupyola.

Yezani tayala lili lozizira, m'mawa musanayende, kapena galimoto itaima maola atatu. Kamodzi pa mwezi, komanso musananyamuke ulendo wautali. Mukaima pa Ntcheu mutachokera ku Blantyre n'kupeza pulesha yakwera ndi 4 psi, musaphwetse. Ndi kutentha kwa ulendo, ndipo tayala likazizira libwerera pamalo pake. Ndimaona madalaivala ena akuphwetsa masana poopa kuphulika, osadziwa kuti akuitana chomwe akuthawacho.

Kumenya tayala ndi chidendene kapena ndi sipanala sikuyeza. Matayala a masiku ano amaoneka bwino ngakhale atataya gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wake. Gulani geji yanuyanu, izikhala m'galimoto. Mageji a pamalo opopera amagwa pansi, amapondedwa, ndipo awiri sagwirizana kawirikawiri. Yanga ndimaiyerekeza ndi ina nthawi ndi nthawi pa chifukwa chomwecho.

Akuti tayala limakhalitsa chifukwa okosijeni salidya m'kati. Kwa ife ogula matayala a kaunjika, si thandizo limenelo?

N'zoona kuti okosijeni amakalambitsa labala. Koma m'kati mwa tayala la chubulesi, lopanda chubu, muli kale chikopa cha labala wapadera woletsa mpweya, ndipo kunja kwake tayala limakhala padzuwa ndi pa okosijeni tsiku lililonse, kumene nayitirojeni sangafike. Pa misewu yathu, ya miyala yolowera kumidzi ndi ya maenje, tayala limatha mano kapena kudulidwa m'mbali lisanakalambe m'kati.

Tayala la kaunjika linakalamba kale kumene linachokera, ndipo palibe mpweya ungalibwezere unyamata. Pogula, funani manambala anayi omaliza pa mzere umene umayamba ndi zilembo za DOT m'mbali mwake. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 2317 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2017. Opanga galimoto ena amati tayala lisinthidwe likakwana zaka 6, ndipo opanga matayala ambiri amati lisapyole zaka 10, ngakhale mano akuoneka bwino. Pindani m'mbali ndi dzanja muone ngati muli timing'alu. Pisani dzanja m'kati mufufuze zigamba. Pakati pa mano pali timizere totukuka todutsa chopingasa. Mano akalingana nato ndiye kuti atsala mamilimita 1.6, tayalalo latha, ndipo pa mvula ya ku Bembeke lidzakutererani.

Ine ndili ndi njinga yamoto ya kabaza. Ndiikitse?

Musavutike, achimwene. Njinga zambiri zili ndi chubu, ndipo mumaboola kawirikawiri m'njira zakumudzi. Chigamba chilichonse chingatanthauze kutaya nayitirojeni yemwe mwagulayo. Yezani sabata iliyonse, chifukwa tayala laling'ono limatsika msanga, makamaka lakumbuyo limene limasenza anthu ndi matumba.

Mukanakhala inu, mukanalipira?

Akandipatsa ulere pogula matayala atsopano, ndikanalandira ndi manja awiri. Ndi mpweya wouma, woyera, ndipo suononga kanthu. Koma kuti nditulutse ndalama pa tayala lililonse, kenako ndiziyenda makilomita oposa 80 kupita ku Lilongwe kukawonjezera, ayi. Ndalama imeneyo ndikanagula geji, ndikanasinthitsa mavalavu nthawi iliyonse ndikaveka tayala latsopano, ndipo yotsala ndikanasungira alayimenti, chifukwa maenje amapotoza miyendo ya galimoto n'kudya tayala mbali imodzi m'miyezi yochepa.

Alipo amene angapinduleko pang'ono: a galimoto imene imaima miyezi osayenda, kapena kampani ya malole ambiri yokhala ndi makina akeake pa yadi. Chimene ndimawapempha a zivindikiro zobiriwira n'chakuti asaleke kuyeza. Ndaona ambiri akumaliza theka la chaka osagwira geji, ati chifukwa muli nayitirojeni.

Nanga sipeya?

Ngati pali tayala limodzi limene nayitirojeni angalithandize, ndi limeneli, chifukwa limakhala m'buti kapena pansi pa galimoto chaka ndi chaka osakumbukiridwa. Komabe nalo limatsika. Kasipeya kakang'ono kopyapyala kamene kamabwera ndi galimoto za ku Japan kamafuna 60 psi, yomwe ndi 420 kPa, pafupifupi kawiri ya matayala enawo, ndipo sikayenera kuthamangitsidwa kupyola makilomita 80 pa ola. Tambiri timene ndimatulutsa m'mabuti timawerenga 20 kapena 25. Galimoto zina zatsopanoko zimabwera zopanda sipeya n'komwe, zili ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu kolumikiza ku magetsi a galimoto. Kabotoloko kali ndi tsiku lothera ntchito, ndipo sikamata tayala long'ambika m'mbali.

Mukabwera kudzapopetsa, tsitsani katundu m'buti tiyeze ndi sipeya yomwe. Tionenso ngati jeki ikukwera ndiponso ngati sipanala ikugwira manati a galimoto yanuyo, chifukwa pakati pa Bembeke ndi Lizulu usiku wa mu July si malo abwino ozindikirira kuti sipanala ndi ya galimoto ina.